Za funso langa lija: yankho silinabwerebe

Mwezi watha ndinafunsa kuti Mulungu anali kuti pamene matope ochokera m'phiri la Soche anakokolola nyumba ya achemwali anga ku Chilobwe pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, chonsecho iwo ndi amvano osajomba kutchalitchi. Zikomo nonse amene munandiyankha.

Ambiri munati ndiwerenge Yobu. Ndawerenga. Chandikhudza n'chakuti pa mutu 38 Yehova sakumuuza Yobu chifukwa chimene anavutikira, akungomupanikiza ndi mafunso ena. Ife owerenga timadziwa zomwe zinakambidwa kumwamba pa mutu 1, koma mwiniwakeyo sanauzidwe n'komwe. Inu amene munati mwina pali tchimo lobisika, pepani, zimenezo ndazikana. Anzake a Yobu ananena zomwezo ndipo Mulungu anawadzudzula pa mutu 42.

Loweruka ndinapita ku Bangwe kumene achemwaliwo akuchita lendi. Ndinawapeza akusita bulauzi yoyera ya Mvano ndi simbi yamakala. Nditawafunsa funso lomweli anati, "Achimwene, inenso sindidziwa. Tandipatsireni makalawo."

Kupemphera ndayambiranso, ngakhale mapemphero ake ambiri ndi odandaula. Mlamu wanga yekha sakufunabe kumva za tchalitchi, ndipo ine sindikumukakamiza.