Wetsuit yotani yokhalira maola ambiri m'madzi nyengo ya mwera?

Mkandawire wa ku Luwinga:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za zovala zolowera m'madzi. Pali anyamata awiri amene amasoka maukonde ndi kuyang'anira zingwe za nangula pa makola a nsomba chakufupi ndi Nkhata Bay. Amakhala m'madzi maola atatu, mwina anayi, kuyambira m'mamawa. Ntchito yambiri ndi ya pamwamba mpaka mamita 5, koma kawiri pa sabata amatsika ndi silinda ya mpweya wopuma kufika mamita 12. Panopa akuvala timasuti ta 3mm toduka manja ndi miyendo. Mu Disembala sankadandaula, koma chiyambireni mwera akumatuluka milomo ili bii, zala zikukanika ngakhale kumanga mfundo.

Mlongo wanga ali ku Johannesburg, atha kugula n'kutumiza pa basi, koma akufuna ndimuuze zenizeni zoti agule. Anyamatawo akukana yokhuthala kwambiri, akuti imamanga mapewa. Kodi ilipo yofunda koma yofewa? Nanga zimene zimapezeka apo ndi apo pa kaunjika muno mu Mzuzu zingathandize?

Nyasulu wa ku Katoto:

A Mkandawire, anyamatawo sakunama. Timapusitsika ndi mawu akuti nyanja yathu ndi yofunda. Inde, mu Januwale ndi Febuluwale madzi apamwamba amafika cha m'ma 28, koma mu Julayi ndi Ogasiti amatsika kufika pa madigiri 23 kapena 24. Wongosamba mphindi 20 sangamve kanthu. Koma thupi limafuna kukhala pa 37, ndipo madzi amalanda kutentha kwa thupi mofulumira kuposa mpweya koposa ka 20. Munthu wosoka ukonde sasambira mwamphamvu, wangokhala malo amodzi manja okha akugwira ntchito, ndiye pofika ola lachitatu chisanu chalowa m'mafupa. Akakwera m'bwato mwera n'kudzamalizitsa pa suti yonyowayo.

Wetsuit sitsekereza madzi. Chimene chimafunditsa ndi neoprene, mphira wokhala ndi timatumba tampweya tambirimbiri m'kati mwake. Madzi pang'ono amalowa ndithu, thupi n'kuwafunditsa, ndipo palibe vuto bola akhale omwewo. Vuto limayamba madzi ofundawo akamatuluka, ozizira n'kumalowa nthawi iliyonse munthu watambasula mkono. Pamenepo thupi limakhala ngati likuwiritsa nyanja yonse.

Pa ntchito imeneyi gulani yathunthu, yofika m'manja ndi mu akakolo, ya 5mm. Mukaona yolembedwa 5/4, nambala yoyambayo ndi ya pachifuwa ndi kumsana, yachiwiriyo ndi ya mikono ndi miyendo. Imeneyo ndiye yankho la dandaulo la mapewa lija. Ya 7mm ayi: ndi ya madzi ozizira ngati a ku Cape Town, kuno idzawawotcha m'bwato, idzafuna mtovu wambiri pa lamba womizira, ndiponso idzawatopetsa mikono.

Koma chachikulu kuposa mamilimita ndi saizi. Ya 5mm yokhwepa imazizira kuposa ya 3mm yogwira thupi bwino. Musamutumizire mlongo wanu uthenga wakuti “M” kapena “L” basi, chifukwa kampani iliyonse ili ndi muyeso wake. Tengani tepi ya telala, mnyamata aliyense avule malaya, mumuyeze msinkhu, khosi, chifuwa pamene pali potakata, chiuno, matako, ndi kuchokera pakhosi kufika pamphechepeche, kenaka akwere pa sikelo. Manambala amenewo ndi amene apite nawo kusitolo. Pali masaizi ena monga MT ndi MS: T ndi ya munthu wamtali, S ndi ya wamfupi. Anyamata athu ambiri a kunyanja ndi a mapewa otakata koma chiuno chaching'ono, ndiye chifuwa ndi msinkhu ndi zimene zitsogole.

Ikafika, aivale youma. Tsinani kumsana cha m'chiuno, m'khwapa, kuseri kwa mawondo ndi pamphechepeche. Mukakoka mphira wodzaza dzanja, dziwani kuti pamenepo padzakhala thumba la madzi ozizira. Akweze manja onse m'mwamba, anyonyomale, apume mwamphamvu. Kuthina pang'ono n'kwabwino chifukwa m'madzi imamasukako, koma ikamaletsa kupuma kapena zala zikamachita dzanzi, ndi yaing'ono. M'khosi chala chimodzi chizilowa. Kolala yofinya mitsempha ya m'khosi imachititsa chizungulire, ndipo m'madzi zimenezo ndi zoopsa.

Mlongo wanuyo atembenuzenso sutiyo aone misoko. Ngati ulusi ukuoneka wotambalala mbali zonse ziwiri, umenewo ndi flatlock: singano inaboola mphira wonse, ndipo bowo lililonse ndi njira ya madzi. Afunse ya glued and blind stitched, imene amayamba aimata ndi guluu, singano n'kungolowa theka la mphira osatulukira. Ikakhala ndi tepi m'kati pa misoko, ndi bwino koposa.

NyaGondwe wa ku Chibavi:

Zonse anena a Nyasulu ndi zoona. Ine ndiwonjezere pa nkhani ya kufewa, chifukwa mpamene anthu amatayira ndalama.

Ku South Africa masitolo ambiri amagulitsa masuti a anthu osewera pa mafunde, a surfing. Ukaigwira imatamuka ngati legeni, ndipo wogula amaganiza kuti wapeza yabwino. Imafewa chonchi chifukwa mphira wake uli ndi mpweya wambiri. Pamwamba pa madzi ndi yabwinodi. Koma pa mamita 10 mphamvu yopanikiza thupi imakhala kawiri poyerekeza ndi pamwamba, timatumba tampweya tija timafinyika, suti n'kupyapyala nthawi yomwe munthu akuifunitsitsa. Ndipo ikamafinyidwa chonchi sabata ndi sabata, imafika poti sibwereranso. Pakapita nthawi mwatsala ndi chinsalu cholembedwa 5mm koma chosafundanso ngati poyamba. Masuti a scuba, a anthu otsika pansi pa madzi ndi silinda, mphira wake ndi wothinana, sufewa kwambiri m'manja koma umapirira kuya. Popeza anyamatawa amatsika mamita 12, mlongo wanu anene poyera kuti akufuna ya scuba.

Ndiye kumasuka kwa mapewa kuchokera kuti? Kumachokera pa kadulidwe. Ayang'ane yopanda msoko wodutsa pamwamba pa phewa kapena pakati penipeni pa khwapa, yokhala ndi mphira wofewa m'khwapa mokha, komanso yopindika kale pang'ono m'zigongono ndi m'mawondo ikapachikidwa. Msoko sutamuka ngati mphira, choncho suti ya zidutswa zochepa imamasuka kuposa ya zidutswa zambiri. Zipi nayo sitamuka. Ya kumsana ndi yosavuta kuvala koma imalowetsa madzi, pokhapokha m'kati mwake mutakhala kachiphimba ka mphira kotchinga. Ya pachifuwa imalowetsa ochepa ndipo msana umamasuka, kungoti kuvala kwake kumafuna kuzolowera.

Chimene ndingalimbikitse kwambiri ndi kugulanso kavesiti ka 3mm kolumikizana ndi hood (chisoti cha mphira chophimba mutu ndi khosi), kovala m'kati mwa suti. Pachifuwa pamakhala 8mm, mikono n'kukhalabe yomasuka chifukwa vesitiyo ilibe manja. Hood imafunditsa mutu komanso imatseka njira ya madzi olowera m'khosi, amene amatsetsereka mumsana munthu akaweramitsa mutu. Kukatentha mu Okutobala angovula vesitiyo. Koma ayeze suti atavala vesiti, kuopa kuti ingathine. Hood isamatirire kwambiri pa makutu; potsika aziitukula pang'ono kuti madzi alowe, apo ayi khutu limapweteka.

Palinso masuti a zidutswa ziwiri, thalauza lofika pachifuwa ndi jekete la hood, opanda zipi, amene m'kati mwake ndi mphira weniweni wopanda nsalu. Amati open cell, ndipo ambiri abwino amapangidwa ndi neoprene wa Yamamoto wa ku Japan. Amenewa amamatirira pakhungu, madzi sayendamo n'komwe, ndipo pa kufunda ndi kufewa palibe owaposa. Povala umayamba wathiramo madzi a sopo kuti aterere.

Musaiwale mtovu. Suti yatsopano ya 5mm imayandamitsa kwambiri kuposa kaja ka 3mm, ndiye lamba wakale sakwananso. Osatengera matchati a m'madzi amchere, chifukwa m'madzi athu munthu amafuna mtovu wocheperapo. Ayeze chonchi: ali pamwamba pa madzi, mpweya wa mu silinda utatsala pafupifupi 50 bar pa geji, BCD (jekete lopopa mpweya loyandamitsa munthu) yopanda mpweya, apume mwachizolowezi n'kugwira mpweya, madzi afike m'maso. Akatulutsa mpweya azimira pang'onopang'ono. Aziwonjezera kilogalamu imodzi imodzi, ndipo lamba akhale womasuka ndi dzanja limodzi.

Phiri wa ku Chiputula:

Mayi NyaGondwe, pa za vesiti ndi mtovu ndikugwirizana nanu, koma open cell pa makola ndikukana. Mphira wopanda nsalu umang'ambika ndi chikhadabo chokha. Mnyamata wofulumira m'mawa akangokoka ndi nsonga za zala, waboola. Ndiye sopo tsiku ndi tsiku pafupi ndi nsomba si wabwino. Pa ntchito yokhulana ndi zingwe, mapaipi ndi m'mphepete mwa bwato, pamafunika ya nsalu kunja ndi m'kati, yokhala ndi zigamba zolimba m'mawondo. Kabudula wakale wa nayiloni akavalidwa pamwamba amateteza matako a suti kuti asaperepeseke pa thabwa.

Za kaunjika: zimapezeka, koma zambiri ndi zopyapyala za ana kapena za surfing zotopa. Mukaipeza, finyani mphira pakati pa zala ziwiri pachifuwa, kenaka m'mawondo ndi m'mapewa. Wamoyo amabwerera msanga ngati siponji. Wakufa amakhala wouma, wopyapyala, ndipo mopindika mumakhala mizera yosachoka. Kokani nsalu pang'ono muone ngati pansi pake pali timing'alu. Iyang'anitseni padzuwa, kokani misoko ya m'khwapa ndi pamphechepeche. Kuwala kukadutsa, madzi adutsanso. Zipi yendetsani kangapo mpaka kumapeto, chifukwa zipi ya wetsuit telala wamba sangaisinthe bwinobwino, makina ake amaboola mphira. Ya kaunjika yabwino ingakhale yosinthira, kapena muidule manja ikhale vesiti. Koma yoti munthu adalire maola anayi mu Julayi, gulani yatsopano.

Kasamalidwe kake n'kosavuta koma anthu amakaphonya. Akaweruka aitsukuluze m'madzi oyera ozizira, aitembenuze, aiyanike pamthunzi podutsa mphepo, m'kati mukauma aibwezere kuti kunja kuumenso. Osayanika pa mwala kapena pa malata, dzuwa limaumitsa neoprene n'kuiphwanya. Osaiyandikiza ku mbaula ngakhale kunja kuli chifunga chotani. Osaichapa ndi madzi otentha, sopo waufa kapena jiki. Shampu ya ana pang'ono kamodzi pa sabata imachotsa fungo. Popachika, ipindeni pakati pa ndodo yonenepa. Hang'ala ya waya imadula mapewa. Petulo ndi oyilo wa injini ya bwato zimadya mphira, ndiye isagone pansi m'bwato pafupi ndi thanki.

Pogula awonjezere kachubu ka guluu wa neoprene, wakuda uja. Pakang'ambika, pakhale pouma ndi poyera, pakani guluu wopyapyala mbali zonse ziwiri za chilondacho, dikirani mpaka asiye kunyowa, pakaninso kachiwiri, dikiraninso mphindi zingapo, kenaka kanikizani mbali ziwirizo pamodzi n'kusiya usiku wonse. Super glue ayi, amauma gwa, mphira n'kung'ambika m'mbali mwake.

Mkandawire wa ku Luwinga:

Zikomo kwambiri akuluakulu, mawa ndikawayeza. Nanga zala? Akuti magolovesi amawalepheretsa kusoka.

Nyasulu wa ku Katoto:

Yambani ndi chifuwa ndi mutu, a Mkandawire. Thupi likazizidwa limachepetsa magazi opita ku zala kuti lisunge kutentha m'kati, choncho m'madzi a madigiri 23 zala zambiri zimamasuka zokha thunthu likafunda. Zikapitirira, agule magolovesi a 2mm, adule nsonga za chala chachikulu ndi ziwiri zotsatira, apake guluu modulamo kuti ulusi usasomphoke. Kumapazi mabuti a 3mm akwana, mwendo wa suti uzikhala pamwamba pa buti. Ayezenso zipsepse zawo, chifukwa zolowetsa phazi lonse sizilowa ndi mabuti. Pamafunika za lamba kuchidendene.

Mhango wa ku Zolozolo:

Ngakhale ndi suti yabwino, maola anayi osapuma ndi ambiri. Azituluka pakatha ola limodzi ndi theka, avale jekete lotchinga mphepo pamwamba pa suti, amwe tiyi wotentha wa shuga wa mu fulasiki ndi mbatata kapena chinangwa. Asalowe m'madzi ndi njala. Mowa ayi: umanamiza kuti thupi lafunda pomwe ukutsegula mitsempha ya pakhungu, kutentha n'kumathawa.

Woyang'anira m'bwato adziwe zizindikiro. Kunjenjemera kosaletseka ndiye kuti ntchito yathera pomwepo. Munthu akayamba kugwetsa zida, kulankhula ngati woledzera, kapena kusiya kunjenjemera pomwe akadali wozizira, kutentha kwa thupi kwatsika moopsa. Pansi pa madigiri 35 ndi matenda kale. Mutulutseni mosamala, mugonekeni, vulani suti, pukutani, fundikani bulangete mpaka kumutu, osamutikita mikono ndi miyendo, ndipo thamangirani naye kuchipatala.

Pa masiku a silinda pali zina ziwiri. Kuzizira ndi ntchito yolemetsa zimawonjezera chiopsezo cha matenda a thovu la nayitulojeni m'magazi, n'chifukwa chake matebulo owerengera kuya ndi nthawi yokhala pansi pa madzi a PADI, bungwe lophunzitsa za scuba, amati muwerengere ngati mwatsika mamita 4 kuposa pamene mwafikadi. Nyanja yathu nayo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 470, kuposa 300 amene matebulo wamba amalekezera, ndiye kompyuta ya padzanja yowerengera kuya ndi nthawi ikhale yotcheredwa moyenera. Chachiwiri, Mzuzu ali pa mamita oposa 1,200. Kuchoka m'madzi n'kukwera minibasi ya ku Mzuzu madzulo omwewo ndi kukwera mamita pafupifupi 800 thupi lisanatulutse nayitulojeni uja. Kukwera mtunda chonchi kukufanana ndi kukwera ndege, ndipo lamulo lake ndi kudikira maola 12 usanakwere ndege ukatsika m'madzi ndi silinda kamodzi, 18 ukatsika kangapo. Tsiku limene atsika ndi silinda agone konko kunyanja.

Wetsuit sitchinga likodzo, madzi amafikabe pakhungu. Aziyezetsa mkodzo kuchipatala nthawi ndi nthawi ngakhale asakuona magazi, akapezeka nalo alandire praziquantel molingana ndi kulemera kwawo.