Ulendo wa Kamuzu ku South Africa mu 1971: tinapindulanji?

Wophunzira wa ku Zomba:
Akuluakulu, ndikufuna kumvetsa chifukwa chimene Dr. Kamuzu Banda anapitira ku South Africa mu Ogasiti 1971, pa nthawi imene maiko ambiri a mu Africa ankasala boma latsankho la dzikolo. Kodi Amalawi tinapindulapo chiyani?

Mphunzitsi wopuma ntchito:
Mwana wanga, ulendowo sunachitike mwadzidzidzi, pakuti maiko awiriwa anakhazikitsa ubale wa ukazembe mu 1967, ndipo nduna yaikulu ya South Africa, John Vorster, inali itabwera kale kuno mu 1970. Britain itakana kulipirira ntchito yosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, South Africa ndi imene inapereka ngongole yoyambira kumanga Lilongwe, ndipo likululo linasamukadi mu 1975. Kamuzu ankakhulupirira kuti azunguwo sangasinthe mtima powasala, koma pokambirana nawo maso ndi maso.

Mayi wa ku Mzimba:
Aphunzitsi, mwanena zoona, koma tisaiwale amuna zikwizikwi amene ankapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya ku migodiko. Bambo anga anabwerako ndi njinga, wailesi ndi makina osokera amene mayi anatiphunzitsa nawo sukulu. Komabe ndege yonyamula antchitowa itagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu 1974, n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu yemweyo analetsa kutumiza anthu ku migodiko.

Bambo wa ku Mchinji:
Ine ndimaona kuti anapindula kwambiri ndi Vorster, amene anapeza mtsogoleri wakuda womuonetsa ku dziko lonse ngati bwenzi, pamene ife tinatsala tikuyang'anizana ndi diso lofiira ndi anansi athu a Kaunda ndi a Nyerere.