Mfundo yamasuka nthambi ili m'malere

aMwale (Cosmo City): Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi vuto ndipo mawa m'mawa ndiyenera kubwerera pa ntchito yomweyo. Lero tinali ku Parkview, kudulira mtengo waukulu wa jacaranda womwe nthambi zake zawerama pamwamba pa mpanda wamagetsi ndi denga la galaja. Nthambi ziwiri zoyamba tinatsitsa bwinobwino. Yachitatu ndinamanga mfundo ya bowline monga mwa masiku onse, mnyamata wanga ali pansi wagwira chingwe. Ndisanalize chainsaw kunabwera chimphepo chija chimatsogolera mvula ya masana, ndiye ndinatsika n'kudikira kuti chidutse. Nditakweranso n'kudula, mfundo inangomasuka ngati sindinamange n'komwe. Nthambi yagwera pa mpanda, mawaya anayi aduka. Tithokoze Mulungu kuti mnyamata anaima chapatali. Chingwe sichinaduke ayi, chinangobwera chokha lendelende. Zaka 6 ndikumanga mfundo imeneyi, sinandichitepo zotere. Kwatsala nthambi zitatu, ndipo ziwiri zili pamwamba pa galaja penipeni. Ndalakwitsa pati?

aPhiri (Randburg): Pepani achimwene, bola munthu sanavulale. Chingwe chake ndi chiti?

aMwale: Cha buluu chija cha pulasitiki, cha mamilimita 12. Ndinagula Loweruka ku hardware chifukwa chakale chinatha.

aPhiri: Nanga mchira wa mfundo munasiya wautali bwanji?

aMwale: Ngati zala zitatu. Pa chingwe chakale ndimasiya chomwecho.

aPhiri: Vuto lagona pamenepo. Chingwe cha buluucho ndi polypropylene. Chikakhala chatsopano ndi chouma ngati waya komanso choterera, ukachipinda chimafuna kuwongoka. Bowline imagwira bwino chingwe chikakhala chokungika. Koma chikamakungika, kukhwefuka, kukungikanso, monga zimachitira nthambi ikamavina ndi mphepo, mchira umatuluka pang'onopang'ono. Nthawi yonse yomwe munali pansi kudikira ija, mphepo inali ikukumasulirani mfundo. Chakale chinkakukhululukirani chifukwa chinafewa ndipo chinamera ubweya.

Che Mdala wa ku Mangochi (Turffontein): Moni nonse. APhiri anena zoona. Ine ndisanabwere kuno ku Joni ndakhala pa nyanja zaka zambiri, ndipo bwato lomwe limasowa m'mawa nthawi zambiri si loti chingwe chaduka. Mafunde a mwera amakoka n'kusiya, kukoka n'kusiya usiku wonse, mfundo n'kumasuka yokha. N'chifukwa chake msodzi sasiya mchira waufupi. Koma aMwale ndifunseko: diso la bowline linali lozungulira nthambi yeniyeniyo, kapena munapanga kadiso kakang'ono kuti chingwe chizithina ngati khwekhwe?

aMwale: Linali lozungulira nthambi, madala. Lotakasuka pang'ono.

Che Mdala wa ku Mangochi: Ndiye munalakwitsa kawiri, mwana wanga. Diso la bowline silithina, limakhala momwe mwalimangira. Ubwino wake ndi umenewo pomanga bwato kapena pokola mbedza, koma pa nthambi ndi vuto, chifukwa diso limangosewera pa khungwa, mfundo n'kumagundagunda mtengo. Pa nthambi pamafunika yothina, imene anzathu amati running bowline. Kamangidwe kake ndi aka. Zungulizani nsonga ya chingwe pa nthambi, ibwere idutse pa chingwe chachikulu chopita kumwamba. Kenako mangani bowline pa nsonga yomweyo, kadiso kake kakhale kakang'ono ndipo chingwe chachikulu chikhale mkati mwa kadisoko. Mukakoka, nthambi imagwidwa nganganga. Kulemera kwa nthambi ndi komwe kumathinitsa, koma mukafika nayo pansi imamasuka ndi zala zokha.

aBanda (Diepsloot): Ine bowline ndinasiyiratu. Ndimamanga mfundo ya figure eight paliponse, siimasuka.

aPhiri: Pa thupi lanu, pa harness, malamba aja timavala pokwera mtengo, ndikugwirizana nanu. Figure eight ubwino wake ngwoti ukaiyang'ana umaona pompo ngati yamangidwa bwino, mizere iwiriiwiri yoyenda limodzi osapingasana, ndipo kugwedezeka sikuimasula msanga. Koma yesani kutsitsa nayo chipika cha bulugama. Chipika cha bulugama chachiwisi cha mita imodzi, chonenepa masentimita 30, chimalemera pafupifupi makilogalamu 70. Chikagwa pang'ono chabe chingwe chisanakungike, mphamvu yomwe imafika pa mfundo imaposa kulemerako kutali. Figure eight ikadya mtolo wotero imauma ngati mwala, mumathera nthawi kuimenya ndi mtengo kapena kuidula ndi mpeni. Pa tsiku lotsitsa nthambi 20 simungathe.

aBanda: Ndimadula kumene nthawi zina, sindikana. Koma kuli bwino kutaya kachidutswa ka chingwe kusiyana ndi kulipira mpanda wa munthu.

Che Mdala wa ku Mangochi: Simukuyenera kusankha pakati pa ziwirizo aBanda. Bowline itha kutsekedwa. Ndibwereze kamangidwe konse kuti achinyamata omwe akungowerenga osayankhula amve. Pa chingwe chachikulu pindani kabowo kakang'ono, mbali yopita kunsonga ikhale pamwamba. Nsonga ilowe m'kabowoko kuchokera pansi, izungulire kuseri kwa chingwe chachikulu, ibwerere m'kabowo komweko momwe inatulukira. Mchira uzitsalira mkati mwa diso. Mukatero musathamangire kukoka. Konzani kaye mfundoyo ndi zala kuti ikhale bwino, kenako kokani mbali zonse: chingwe chachikulu, miyendo iwiri ya diso, ndi mchira womwe. Ambiri amaiwala kukoka mchira. Pa chingwe cha mamilimita 12 ine ndimasiya mchira wotalika kuposa chikhatho chotambasula, ndipo pa chingwe choterera ndimawonjezera. Mchirawo muuzungulize kawiri pa mwendo wa diso womwe wayandikana nawo, nsonga muibweze pansi pa mizere iwiriyo, mukoke. Chotsekeracho chikhale chogundana ndi mfundo, osati patali. Ikatero, ngakhale mphepo iwombe mpaka madzulo, mchira ulibe kotulukira.

aMwale: Zikomo madala. Ndatenga chingwe, ndikuyesa pa chipilala cha khonde pano.

Nabanda (Roodepoort): Mwaswera abambo. Ine si wokwera mitengo, yanga ndi baki yonyamula zinyalala za m'minda, koma popeza nkhani ndi ya mfundo ndifunse nawo. Pomanga katundu timapanga diso pakati pa chingwe kuti tikokerepo n'kukunga. Anyamata anga amangopinda chingwe pawiri n'kumanga mfundo wamba. Tikafika kotayira, mfundoyo siimasukanso. Chingwe changa chili ndi mfundo zisanu zakufa, chafupika moti sichikufika mbali ina ya baki.

aPhiri: Mayi, mfundo wamba yopinda pawiri ija ndi yomwe imaumitsitsa pa zonse. Pakati pa chingwe pamafunika alpine butterfly. Imalola kukokedwa uku ndi uku ndi pa diso pomwe osapindika, ndipo imamasuka ngakhale itanyamula katundu. Pindani chingwe, mupotoze kawiri mbali imodzi mpaka chioneke ngati nambala 8. Diso la pamwamba mulipindire kumbuyo n'kutsika nalo, lidutse pansi pakati pa zingwe ziwiri zotsika, kenako mulilowetse pa bowo la m'munsi la 8 uja n'kukoka. Ikakhala bwino mudzaona timapiko tiwiri mbali zonse za diso. Pomasula mumangokankhira timapikoto kumbuyo. Polemba zikuoneka zovuta, koma Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi ndidzaonetsa anyamata anu, sizitenga nthawi. Ndipo ngati chingwe chanyuka pamalo amodzi muli pa msewu, malo onyukawo mutha kuwaika mkati mwa diso la mfundo yomweyi kuti asanyamule katundu mpaka mufike. Izi ndi za katundu wa pa baki zokha, osati chingwe chonyamula munthu.

Nabanda: Zikomo kwambiri. Lamlungu ndibwera nacho chingwe.

aBanda: Mayi, mukamanyamula zipika za mitengo ya plane kapena ya oak muziyang'ana ngati ili ndi timabowo ting'onoting'ono ndi madontho onyowa pa khungwa. Ndi kachirombo kaja ka shot hole borer komwe kapha mitengo yambiri kuno. Zipika zotero musagulitse ngati nkhuni, mumafalitsa kachiromboko. Ndipo kwa ife okwera, nthambi ya mtengo wodwala musaidalire pokolekapo chingwe.

aMwale: Ndayesa. Ndamanga ngati mmene ndinamangira masana, mchira zala zitatu, n'kugwedeza chingwe ndi dzanja. Sindinafike n'komwe pa 30, yamasuka. Ndamanganso ya mchira wautali ndi chotsekera cha aChe Mdala, ndagwedeza mpaka mkono kutopa, ili pomwepo. Koma ndaona kuti chotsekeracho chimafuna kufutukuka ndikapanda kukoka mwamphamvu.

aPhiri: Chifukwa chake ndi chingwecho. Ndinene mosabisa achimwene, mawa musakwere nacho. Kuterera si vuto lake lokha. Polypropylene imasungunuka msanga ndi kutentha. Mukaizunguliza pa thunthu kuti mnyamata azitsitsa pang'onopang'ono, kukhulana ndi khungwa kumaiwotcha, mudzaona malo onyezimira olimba ngati galasi. Dzuwa nalonso limaidya, ndipo dzuwa la kuno mukulidziwa. Chikagona pa baki miyezi ingapo, mukachipinda chimayoyoka ngati ufa. Chimenecho ndi cha kumangira lona ndi kuyanikira zovala. Chotsitsira nthambi chizikhala cha polyester cholukidwa. Chimafewa m'manja, mfundo imakhala, sichitamuka kwambiri, ndipo chimapirira dzuwa. Nayiloni ndi yolimba koma imatamuka ngati malegeni, nthambi imatha kutsika n'kukagunda denga chingwe chili chigwirire, komanso imafooka ikanyowa.

aMwale: Ndamva, koma ndalama ya ganyu imeneyi yathera kale ku mpanda. Mayi a panyumbapo anena kuti adula pa malipiro. Chingwe cha polyester sindingagule usiku uno.

Che Mdala wa ku Mangochi: Za mpanda lipirani ndi mtima umodzi, ndi momwe adzakuitanireninso. Za chingwe, pano tilipo ambiri.

aBanda: Changa chilipo, cha mamilimita 14, mamita 40. Mawa ndilibe ntchito mpaka masana. Ndili ndi pulley imodzinso, kawilo kodutsitsapo chingwe. Mundipeze pa renki ya ma taxi 6 koloko, kapena ndingobwera nanu ndikagwire pansi, chifukwa pa galaja pamafunika anthu awiri, wina wotsitsa wina wokoka nthambi kuti ichoke pa denga.

aMwale: Achimwene mwandithandiza kwambiri. Tiyeni tipite limodzi, tigawana.

aPhiri: Popeza muli awiri pansi, ndiwonjezere za nthambi za pa galajazo. Musatsitse yathunthu. Muzidula zidutswa zomwe munthu mmodzi angathe kunyamula. Pomanga, yambani ndi half hitch, kuzunguliza chingwe kamodzi pa nthambi n'kuchipingasa pachokha, pafupi ndi pomwe mukudula, kenako running bowline chapatsogolo pake. Half hitch ija imalandira kugwedezeka koyamba ndipo imaletsa chidutswa kupidiguka n'kupulumuka, makamaka pa jacaranda wonyowa ndi mvula. Ngati pali mphanda, mangani kuseri kwa mphandayo. Chingwe chachiwiri chokokera pambali musachikole m'diso la bowline. Diso likakokedwa chopingasa ngati mukulitambasula, bowline imagudubuzika n'kumasuka ngakhale pa chingwe chabwino. Chimangeni pachokha pa nthambi.

Che Mdala wa ku Mangochi: Ndipo mnyamatayo mumuuze asazungulize chingwe pa dzanja lake ngakhale pang'ono. Ndinaona munthu atataya zala ziwiri pokoka khoka chifukwa cha chimenechi. Avale magolovesi, chingwe chizungulire thunthu, iye azingochilola kuyenda. Aime pomwe nthambi singamupeze ngakhale mfundo italephera. China, mukatsika chifukwa cha mphepo kapena mvula, mukakweranso gwirani mfundo ndi dzanja musanalize chainsaw. Masana aja mukanaigwira mukanaona kuti mchira wafupika.

aMwale: Zoona madala, sindinaiyang'ane. Ndinangokwera n'kudula chifukwa mitambo inali itada ndipo ndimafuna kumaliza.

aPhiri: Miyezi ino ya Novembala mpaka Malichi muziyamba m'mawa kwambiri. Ikamakwana 2 koloko mabingu ayamba, m'mtengo simokhalamo.

Nabanda: Mukamaliza mundiuze, ndidzadutsa kudzatenga nthambizo. Ndili ndi ulendo wa ku Emmarentia masana, ndi pafupi.

aMwale (tsiku lotsatira): Mwadzuka bwanji nonse. Tamaliza 11 koloko. Nthambi zitatu zija tinazidula zidutswa 14, zonse zatsika popanda kukhudza denga. Pa chingwe cha aBanda mfundo imangokhala yokha, kusiyana kwake ndi cha buluu chija n'kwakukulu. Chidutswa chimodzi chinali cholemera kuposa momwe ndimaganizira, half hitch inatsetsereka pang'ono koma running bowline inagwira, ndipo pansi inamasuka ndi chala chachikulu chokha. Chomwe chinandivuta ndi chotsekera chija, chimadya nthawi ukakhala m'mwamba wagwira ndi dzanja limodzi.

aPhiri: Chizolowereni kaye pansi mpaka zala zidziwe zokha. Pali njira ina yotsekera yotchedwa Yosemite, yachangu, koma ukaikoka molakwika mfundo imasokonekera osadziwa, ndiye sindikufuna kuiphunzitsa polemba. Lamlungu ndidzaonetsa pamodzi ndi ya aNabanda.

aBanda: Figure eight yanga pa harness sindisiya. Koma pa nthambi ndavomera, lero sitinadule chingwe ngakhale kamodzi.

Nabanda: AMwale, ndafika pa geti. Auzeni mayiwo atsegule, ndipo chingwe cha buluu chija musataye, mundigulitse ndizimangira lona.