Mabuleki amatha bwanji pa mtsetse wa Chiweta ndi Khwekhwelere?

Wapaulendo:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ngozi ikachitika pa mtsetse wa Chiweta ku Rumphi, wa Khwekhwelere potsikira ku Golomoti, kapena pamsewu wa Blantyre kutsikira ku Chikwawa, mawu amakhala amodzimodzi: mabuleki anakana. Chonsecho galimoto yomweyo imaima bwinobwino kumtunda. Kodi mabuleki amangotha okha, kapena dalaivala ndiye amawapha?

Makaniko wa ku Ndirande:
Achimwene, kawirikawiri amawapha ndi dalaivala, ndipo chida chake ndi kutentha. Buleki imaimitsa galimoto pokhuzitsa mapadi pa disiki kapena pa dilamu. Phazi likakhala pa buleki mtsetse wonse osachotsa, mapadi amapsa n'kusalala, dilamu imafutukuka, ndiye ukaponda sizigwiranso.

Vuto lina lili mu brake fluid, mafuta a m'mapaipi a mabuleki. Ya mtundu wa DOT 3 ikakhala yatsopano imawira pa madigiri 205 Celsius, koma imayamwa chinyezi pang'onopang'ono, moti ikakalamba imatha kuwira pa 140 basi. Ikawira mumapaipi mumadzaza nthunzi, pedulo imafewa n'kungolowa mpaka pansi. N'chifukwa chake timati isinthidwe zaka ziwiri zilizonse, osati kumangothira yoonjezera. Ndipo anthu amene amatseka paipi ya tayala limodzi ikamadontha kuti afike kaye, akusewera ndi miyoyo ya anthu. Galimoto yotere ukaponda buleki imakokera mbali imodzi.

Mphunzitsi wa madalaivala:
Amakaniko anena zoona. Khalidwe limene limapha kwambiri ndi lotsika phiri giya ili pa nyutulo pofuna kusunga mafuta. Injini ndi buleki yoyamba, ukaichotsa ntchito yonse imagwera mapadi. Ndiponso pa galimoto zambiri za masiku ano palibe mafuta amene ukusunga, chifukwa ukachotsa phazi pa moto giya ili mkati, kompyuta imadula yokha mafuta.

Giya imasankhidwa usanayambe kutsika, ndipo ikhale yomwe ukanakwerera nayo chitunda chomwecho. Minibasi yodzaza pa Khwekhwelere, giya 2 ndi yokwanira m'makona. Liwiro likakwera, ponda buleki mwamphamvu masekondi atatu kapena anayi, litsike ndi makilomita 10 pa ola, kenako chotsa phazi mapadi apume.

Nkhani ya katundu tisaiiwale. Hiace yokhazika anthu anayi pampando wa atatu, matumba a chimanga atadzaza kumbuyo, imafuna mtunda wautali kuti iime ndipo mabuleki ake amapsa msanga. Liwiro nalo silikhululuka: ukaliwirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola galimoto imadya mamita 22 pa sekondi imodzi, dalaivala asanasunthe n'komwe phazi.

Wa mathiraki:
Kwa malole a mabuleki a mpweya nkhani ndi ina. Kupondaponda pafupipafupi kumamaliza mpweya m'mathanki msanga kuposa mmene kompulesa ingabwezere. Exhaust brake, buleki yotsekereza utsi wa injini kuti injiniyo igwire galimoto, iyatsidwe kuyambira pamwamba, ndipo madzi a m'mathanki azitayidwa m'mawa uliwonse. Alamu ya mpweya ikalira, imani pomwepo, musati ndifike kaye pansi.

Wapaulendo:
Zikomo kwambiri. Nanga zikakanika pakati pa mtsetse, angachite chiyani? Ndipo ife okwera tingadziwe bwanji?

Mphunzitsi wa madalaivala:
Pa galimoto ya fluid, popani pedulo mofulumira kangapo, nthawi zina imabwerera. Tsitsani giya imodziimodzi, osalumpha. Kokani handbrake pang'onopang'ono batani litapanidwa, chifukwa mukaikoka kamodzi matayala akumbuyo amamanga galimoto n'kuzungulira. Musazimitse injini, chiwongolero ndi buleki zimauma. Zonse zikakana, khuzitsani mbali ya galimoto ku khoma la phiri, osati kumbali ya phompho.

Inu okwera, mvetserani injini. Ikangoti zii galimoto ikuthamanga kutsika, ndiye kuti ili pa nyutulo, lankhulani nonse, musasiyire munthu mmodzi kuti kondakitala amunyoze. Mukamva fungo lonunkha ngati chinthu chikupsa kumatayala, muuzeni dalaivala aime pamalo otakasuka kwa mphindi 20 kapena 30. Asathire madzi pa disiki yotentha, imapindika. Akakana, lembani nambala ya galimotoyo mukaipereke kwa apolisi a pamsewu pa rodibuloko yotsatira.