Masamu ndi fizikisi kwa opanga magemu: ndiyambire pati?

mphunzitsi_wa_masamu

Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kosi ya masabata 14 yophunzitsa masamu ndi fizikisi kwa ophunzira a chaka chachiwiri amene akufuna kupanga magemu a pakompyuta. Chaka chatha ndinayamba ndi ma matrix (matebulo a manambala), monga momwe anandiphunzitsira ine, bolodi mpaka kudzaza ndi manambala. Pofika sabata yachitatu theka la kalasi linali litasiya kulemba. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa anawa ndi anzeru, ndipo Godot, pulogalamu yopangira magemu, amaidziwa kuposa ine. Ndiyambire pati? Nanga ma quaternion, masamu owerengera kutembenuka kwa zinthu mu 3D, ndiwaphunzitse kapena ndiwasiye?

wa_magemu_a_2D

Aphunzitsi, bolodi lidikire kaye. Yambani ndi gemu yomwe ili ndi vuto. Ine tsiku loyamba ndimawapatsa kamunthu koyenda ndi makiyi a W, A, S ndi D, n'kuwauza kuti adine W ndi D nthawi imodzi. Kamunthuko kamathamanga kuposa pamene adina kiyi imodzi, ndipo onse amaona ndi maso awo. Ndimangokhala chete mpaka wina atazindikira kuti (1,0) kuphatikiza (0,1) ndi (1,1), ndipo kutalika kwake ndi 1.414, osati 1. Apa Pythagoras amabwera yekha, normalize (kubweza kutalikako kuti kukhale 1) naye amalowa popanda kukakamiza.

Sabata yotsatira ndi dot product, nambala yoonetsa ngati zinthu ziwiri zaloza mbali imodzi: mlonda wa m'gemu akukuona, kapena uli kumbuyo kwake? Yankho likakhala pansi pa ziro, uli kumbuyo. Ma matrix a 4x4 ndimawasungira nthawi ya kamera.

fizikisi_choyamba

Ndikugwirizana nawo, koma kumene ana amagwa kwenikweni ndi nkhani ya nthawi. Gemu yoyenda pa mafulemu (zithunzi) 60 pa sekondi imakhala ndi pafupifupi mamilisekondi 16.7 pa fulemu iliyonse. Chipolopolo chothamanga mamita 300 pa sekondi chimadumpha mamita 5 pa fulemu imodzi, ndiye khoma la masentimita 20 chimangolipitirira ngati kulibe. Wophunzira wanga wina anatha masiku atatu akufufuza cholakwika mu code yake, pomwe cholakwika munalibe. Vuto linali masitepe a nthawi. Auzeninso chifukwa chake Unity, pulogalamu inanso yopangira magemu, imawerengera fizikisi payokha, pa masekondi 0.02 alionse ngati simunasinthe.

Kenako apatseni sipuling'i. Ndi Euler wamba, njira yowerengera malo kenako liwiro pa sitepe iliyonse, sipuling'iyo imanka ikuwonjezera mphamvu mpaka kuuluka kuchoka pa sikirini. Akangosinthanitsa mizere iwiri, kuyamba kuwerengera liwiro kenako malo, imakhazikika. Phunziro limeneli ndimalikonda kuposa onse.

Musawamangirire pa 9.81, nambala ya g (kukoka kwa dziko lapansi). Asankhe okha kutalika kwa kudumpha, h, ndi nthawi yofikira pamwamba, t, ndipo g = 2h/t².

wa_magemu_a_2D

Za ma quaternion, ine ndimawasiya. Masabata 14 ndi ochepa.

fizikisi_choyamba

Apo ayi, sindikuvomereza. Akangolowa mu 3D akumana nawo, afune asafune. Simukuyenera kufotokoza zonse zimene Hamilton, wotulukira ma quaternion, anapeza mu 1843. Atembenuze ndege ndi ma Euler angle (ngodya zitatu zotembenuzira) mpaka madigiri 90, aone gimbal lock (kutaya mbali imodzi yotembenukira) itawagwira, ndiye muwaonetse slerp, njira yotembenuzira bwinobwino ndi ma quaternion. Maphunziro awiri akwana.

mphunzitsi_wa_masamu

Zikomo kwambiri nonse. Kamunthu ka W ndi D ndakapanga usiku womwewu, ndipo kakuthamangadi mopingasa. Ma quaternion ndawaika sabata ya 12. Chatsala ndi mayeso: mumawalembetsa papepala, kapena mumawapatsa gemu yowonongeka kuti aikonze?