Kodi othandiza laibulale yathu angachotseredwe msonkho?

Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru, makamaka inu odziwa za misonkho. Kuno ku Area 25 ku Lilongwe tili ndi kalaibulale ka mamembala: munthu amalipira kangachepe pachaka n'kumabwereka mabuku kukawerengera kunyumba. Ambiri ndi ana okonzekera mayeso a MSCE, omwe sangakwanitse ya minibasi yopita ku National Library ku City Centre tsiku ndi tsiku. Ndalama ya umembala imangothera lendi ndi mayunitsi a magetsi, pomwe mabuku a Biology masamba akuthothoka, tikungomata ndi selotepi.

Ndiye tayamba kupempha thandizo kwa amalonda. Mayi ena a hadiweya ati ndi okonzeka kupereka, koma afunsa ngati ndalamayo angaichotsere pa phindu lawo powerengera msonkho wa ku MRA. Kodi zimenezi zimatheka pothandiza bungwe lililonse, kapena MRA iyambe yativomereza kaye? Nanga polembetsa laibulaleyi tiyambire kuti, kwa Registrar General (ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi ndi mabungwe) kapena ku NGORA (bungwe loyang'anira mabungwe omwe si aboma)? TPIN, nambala ya wolipira msonkho ya ku MRA, ikufunikanso? Chinanso chikundivutitsa mutu: ndalama ya umembala ija imatengedwa ngati mphatso kapena malonda? Ndipo otumiza pa Airtel Money ndi Mpamba tiziwalembera risiti yotani?

Amene munadutsamo chonde tiuzeni, mayiwa tinawalonjeza yankho mwezi uno usanathe.