Imfa ya Lexa inasiyana pati ndi imfa zina za m'masewero a pa TV?

Tadala_M:
Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mumatsata masewero a pa TV a ku America. Mu The 100 anthu amafa pafupifupi episodi iliyonse, ena mwankhanza zedi, koma owonera amadandaula tsiku limodzi n'kuiwala. Nanga zinatani kuti imfa ya Lexa, mtengambali wamkazi wa m'sewerolo amene ankakondana ndi mkazi mnzake Clarke, mu 2016 ibutse phokoso loti mpaka lero likutchulidwabe? Kodi mafani amafuna kuti mtengambali amene ndi mkazi wokonda akazi anzake asamafe m'sewero? Komanso makampeni awo aja odandaula kapena opulumutsa masewero, a ma hashtag ndi zikwangwani, amaphula kanthu kapena n'kungotaya ndalama?

Nangozo:
Achemwali, chimene chinapsetsa mtima anthu si imfa payokha. Muone kaye mmene inachitikira. Episodi yake inaonetsedwa pa 3 Marichi 2016, ya nambala 7 mu sizoni yachitatu. Clarke ndi Lexa, amene owonera anawadikira kuchokera sizoni yapitayo, angogona limodzi koyamba. Pasanathe mphindi zingapo, Lexa akulowa pakhomo ndipo chipolopolo chosokera, chimene munthu wina amafuna kuwombera nacho Clarke, chikumupeza pamimba. Mtsogoleri wa asilikali wosaopa nkhondo, kufa ngati munthu wongodutsa.

Tsono amene anaonera Buffy the Vampire Slayer anazindikira pompo kuti izi anaziwonapo kale. Mu 2002, Tara atangobwererana ndi Willow, chibwenzi chake chachikazi, nayenso anafa ndi chipolopolo chosokera chimene chinalowera pawindo. Zaka 14 pakati pake, koma kafedwe kamodzimodzi: chisangalalo pang'ono, kenako maliro. Ndi zimenezi amazitcha Bury Your Gays, kutanthauza chizolowezi chopha atengambali okonda amuna kapena akazi anzawo. Muzu wake ndi wakale. Malamulo a Hays Code, amene ankalamulira mafilimu a ku Hollywood kuyambira m'ma 1930 mpaka 1968, sankalola kuonetsa chikondi chotere, ndipo alembi anazolowera kuti munthu wotere akaoneka ndiye kuti mapeto ake akhale chilango. Malamulowo anatha, chizolowezi chinatsala.

Palinso nkhani ya chiwerengero. Sewero likakhala ndi amuna 20 okonda akazi, kupha mmodzi sikusintha kanthu, otsala alipo. Likakhala ndi akazi awiri okha okondana, mukapha mmodzi mwapha nkhani yonse. Chaka chomwecho webusaiti ya Autostraddle inayamba kulemba mndandanda wa atengambali otere amene anaphedwa pa TV, ndipo m'kupita kwa zaka mayina anaposa 200. Mwezi womwewo wa Marichi, Denise wa mu The Walking Dead analasidwa muvi m'diso ali mkati molankhula. Patangopita miyezi yochepa, Poussey wa mu Orange Is the New Black nayenso anafa. Anthu ankawerenga maliro ngati akuwerenga masiku.

Koma chimene chinakolezera moto kwambiri ndi lonjezo. Okonza The 100 ankacheza ndi mafani pa Twitter, kuwalimbikitsa kuti akhulupirire sewerolo. Anafika poitana anthu kukaonerera akujambula episodi yomaliza ya sizoniyo mumzinda wa Vancouver, kumene Alycia Debnam-Carey, wosewera Lexa, analipo. Aliyense anaganiza kuti ndiye kuti Lexa afika kumapeto ali moyo, chikhalirecho imfa yake inali itajambulidwa kale. Mafani anaona kuti awagwiritsa fuwa la moto. N'zoona kuti Debnam-Carey anali ndi ntchito ina mu Fear the Walking Dead, choncho kuchoka kunali kosapeweka, koma njira zochotsera munthu m'sewero zilipo zambiri. Jason Rothenberg, mkulu wa sewerolo, anadzalemba kalata yopepesa patatha milungu itatu.

Mlonda77:
A Nangozo afotokoza bwino mbali yoyambayo. Ine nditenge ya makampeni, poti apa ndi pamene anthu ambiri amasokoneza zinthu.

Kampeni isanayambe pamafunika kudziwa kuti mwini sewero ndi ndani. Amene amalionetsa si nthawi zonse amene analipanga. One Day at a Time inkaonetsedwa pa Netflix koma eni ake anali a Sony. Netflix italisiya mu Marichi 2019, a Sony anali ndi ufulu wokaligulitsa kwina, ndipo kanema wa Pop TV analitenga miyezi itatu pambuyo pake. Phokoso la mafani linagwira ntchito chifukwa linali umboni kwa wogula watsopano kuti owonera alipo. Sewero limene kampani inadzipangira yokha n'kulisunga m'nkhokwe yake, mungafuule bwanji, kawirikawiri palibe wina angaligule.

Kenako mudziwe chimene chaimitsa sewerolo. Wynonna Earp mu 2019 sanaithetse chifukwa chosowa owonera. Syfy, kanema amene ankalionetsa, inali itavomera kale sizoni yachinayi, vuto linali ndalama ku IDW, kampani yolipanga. Mafani anasonkha ndalama n'kulipira zikwangwani zamagetsi ku Times Square mumzinda wa New York, nkhaniyo inalowa m'manyuzipepala, ndipo sizoniyo inatuluka mu 2020. Apa panangofunika kukankha galimoto imene injini yake inali yamoyo. Sense8 inali yodula kwambiri kujambula, poti ankajambula m'mayiko ambiri, choncho Netflix itaithetsa mu 2017 chimene mafani anapeza ndi episodi imodzi yaitali yotsekera nkhani mu 2018. Sizoni yathunthu ayi.

Cholakwika chachikulu ndi nthawi. Makampani oonetsa pa intaneti amayang'ana masabata oyambirira: ndi angati ayamba kuonera, ndipo mwa iwo ndi angati afika kumapeto. Mafani ambiri, poopa kupwetekedwanso mtima, amadikira kaye amve ngati akazi okondana a m'sewerolo atsala amoyo ndiponso ngati sizoni ina ibwera, ndiye aonere. Kudikirako ndi kumene kumagwetsa manambala, sewero n'kuthetsedwa, mantha aja n'kukula. First Kill inatha pa sizoni imodzi mu 2022, Warrior Nun pa ziwiri chaka chomwecho. Ena anayamba kunena kuti masiku ano sakupha atengambali, akupha sewero lonse.

Ndiye amene akufuna kuthandiza sewero aonere sabata yoyamba, amalize episodi zonse, ndipo aonere pa njira yovomerezeka, chifukwa kope lotsitsa mwakuba palibe amaliwerenga. Hashtag ikhale imodzi, pa ola limodzi logwirizana, osati aliyense yake. Ndipo makalata apite kwa amene angagule sewerolo, osati kwa osewera, amene alibe mphamvu iliyonse pa nkhaniyi.

Tadala_M:
Zikomo akuluakulu. Koma ndikuona ngati pa The 100 penipenipo mafani analuza. Lexa sanadzuke, ndipo sewerolo linapitirira.

Mlonda77:
Linapitiriradi mpaka 2020, masizoni 7. Ngati cholinga chinali kuligwetsa, analephera. Zimene anapeza zinali kwina. Anasonkhera The Trevor Project, bungwe lothandiza achinyamata a LGBT amene ali ndi maganizo odzipha, ndalama zoposa madola 100,000. Alembi a sewero la ku Canada la Saving Hope anasainira lonjezo lotchedwa Lexa Pledge, lakuti sadzapha atengambali otere pongofuna kudzidzimutsa owonera. Mu 2017 kunayamba msonkhano wa mafani wa ClexaCon ku Las Vegas. Ndipo mawu oti Bury Your Gays, amene kale ankadziwika kwa mafani okha, anayamba kumveka m'zipinda za alembi. Mu Wynonna Earp, wapolisi Nicole Haught atawomberedwa kumapeto kwa sizoni yoyamba anapezeka kuti wavala chovala choteteza ku zipolopolo. Episodiyo inajambulidwa Lexa asanafe, koma owonera anailandira ngati yankho.

Sikuti chizolowezicho chinatheratu. Killing Eve inatha mu Epulo 2022 ndi Villanelle akuwomberedwa mphindi zochepa atangopsompsonana ndi Eve, mpaka Luke Jennings, wolemba mabuku amene sewerolo linachokerako, anadzudzula mathero amenewo mu nyuzipepala ya The Guardian.

Chisomo_Z:
Ndikugwirizana nanu pa zambiri, koma tisawayeretse mafani ngati alibe banga.

Taonani mmene amachitira ndi atengambali okonda amuna ndi akazi omwe. Clarke ndi mmodzi wa iwo. Iye anali ndi chibwenzi chachimuna, Finn, asanakumane ndi Lexa. Komabe nkhondo ya pakati pa ofuna Clarke ndi Lexa, otchedwa Clexa, ndi ofuna Clarke ndi Bellamy, otchedwa Bellarke, inafika pomatukwanizana zaka zathunthu. Mbali imodzi inkalankhula ngati akakhala ndi mwamuna ndiye kuti wasiya kukhala chimene ali. Mbali inayo inkatenga za Lexa ngati kupatuka kwa kanthawi. Onsewo akufufuta theka la munthu mmodzi yemweyo. N'chifukwa chake anthu amatchula Callie Torres wa mu Grey's Anatomy ndi Rosa Diaz wa mu Brooklyn Nine-Nine: alembi anawalola kunena ndi pakamwa pawo kuti ndi bisexual, kutanthauza okonda amuna ndi akazi omwe, osasiya owonera azilotera. Masewero ambiri amathawa liwuli, mtengambali amangoti sakonda kupatsidwa dzina, ndipo mkangano wa mafani umayambira pomwepo.

China ndi mawu oti queerbaiting, amene masiku ano akuponyedwa paliponse. Tanthauzo lake ndi kutchera nyambo: okonza sewero amaonetsa zizindikiro zoti awiriwa akondana, amazigwiritsa ntchito potsatsa malonda, koma alibe cholinga chozikwaniritsa. Kuti muzindikire, funsani ngati zizindikirozo zili mu malonda ndi m'zolankhula za okonza, kapena zili m'maso mwa owonera okha. Funsaninso ngati panali wowaletsa. Xena: Warrior Princess, ya 1995 mpaka 2001, inkangozungulira pa za Xena ndi Gabrielle chifukwa nthawi imeneyo akanema sakanalola, ndipo alembi ankakankha mpaka pamene malire anawalola. The Legend of Korra inatha mu Disembala 2014 ndi Korra ndi Asami atangogwirana manja, kenako oipanga anatsimikiza poyera kuti awiriwo ndi chibwenzi. Imeneyo si nyambo, ndi anthu omangidwa manja. Nyambo ndi pamene chitseko chili chotsegula koma inu mukungogulitsa fungo.

Ndipo mkwiyo ukalunjika kwa osewera, kampeni imadziwononga yokha. Wosewera amapatsidwa pepala n'kuwerenga. Akatukwanidwa amatseka akaunti yake, atolankhani amasiya nkhani ya chiwerengero cha imfa ija n'kuyamba kulemba za mafani ankhanza, ndipo alembi ena amangoti bola osayika n'komwe atengambali otere kusiyana ndi kudziputira mavuto.

Nangozo:
Pa funso lanu loyamba lija a Tadala, loti asamafe: ayi, akhoza kufa. Muyezo umene mafani ozindikira amagwiritsa ntchito ndi wosavuta. Kodi imfayo ikuchokera mu zosankha za mtengambaliyo, kapena yangomugwera kuti wina alire? Kodi akafa m'sewero mutsala wina wonga iye? Kodi yabwera atangosangalala kumene? Ilene Chaiken, amene anayambitsa The L Word, anadzavomera yekha kuti amanong'oneza bondo popha Dana ndi khansa ya m'mawere, chonsecho sewero limenelo linali lodzaza ndi akazi okondana okhaokha, ndiye muone kuti ngakhale chiwerengero pachokha sichipulumutsa mlembi.

Ngati mukufuna kudziwiratu musanayambe sewero, webusaiti ya LezWatch.TV imalemba atengambali otere ndi kuonetsa ngati anafa. Pa nkhani zolembedwa ndi mafani pa webusaiti ya Archive of Our Own, chenjezo la Major Character Death, loti mtengambali wamkulu afa m'nkhaniyo, limakhala pamwamba penipeni, ndipo mukalemba fix-it m'bokosi lofufuzira pansi pa Clexa mupeza nkhani zimene chipolopolo chija chinaphonya.